Mbewu ya Mbatata Inafera pa Kalendala

Madalo ndi Yamikani, mwakhala mukundiseka kuti foni ikangolira kuti kwalowa imelo ndimachita tsinya ngati ndamva fungo loipa. Iwe Madalo unafika ponena kuti amayi ndi achikale, makompyuta anawadutsa. Ayi mwanangu. Kompyuta ndinaigwira iwe usanadziwe kulemba dzina lako. Chimene chimandipsetsa mtima si makinawo, koma zimene ndinaona anthu akuchita nawo. Popeza nonse awiri tsopano muli m'maofesi, ndati ndilembe kuti mudziwe mmene ndinagwirira ntchito ya ulembi, ndi mmene ndinatulukiramo.

Ku Jenala, zaka za taipi

Ntchito ndinayambira ku Jenala, pa ofesi yaing'ono ya bungwe lina lothandiza alimi. Dzina lake sinditchula, chifukwa anthu abwino akadalimo. Ofesiyo inali chipinda chimodzi cha malata, muli tebulo, kabati ndi makina otayipira amene chilembo chimodzi chinkakanirira, moti ndinkachita kuchibweza ndi chala. Riboni ikauma tinkaidonthezera parafini. Mapepala akatha tinkatayipa kuseri kwa makalata akale. Bwana wanga woyamba anali a Mathanda, munthu wamfupi, waukali, wosadziwa kuyankhula motsitsa. Akakalipa ankamveka mpaka kuchigayo. Kalendala yathu inali ya pakhoma, ndipo a Mathanda anali ndi lamulo limodzi pa kalendalayo: tsiku la msonkhano sililembedwa mpaka mesenjala atapalasa njinga kukafika kwa anthuwo ndi kubwera ndi yankho. Ine pokhala watsopano ndinaona ngati n'kutaya nthawi, ndiye tsiku lina ndinalemberatu.

"Mayi Nampinga, apa mwalemba Lachinayi. Wavomera Lachinayi ndani?"

"Inuyo bwana, munanena dzulo."

"Ine ndine msonkhano? Ine ndidzakhala pansi pa mtengo n'kumadziyankhula ndekha? Anthu a kalabu ya alimi mwawafunsa? Mukudziwa kuti Lachinayi ndi tsiku lawo la msika? Fufutani."

Ndinafufuta, kenako ndinapita kuseri kwa ofesi kukalira. A Mathanda sindinawakonde, ndipo sindinama kuti ndinawakonda. Koma zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito sindinaone mlimi atayenda ulendo wachabe chifukwa cha ofesi yathu.

Pa boma, makompyuta atabwera

Bungwe litakula anandisamutsira ku ofesi yaikulu pa boma la Phalombe. Kumeneko ndi kumene makompyuta anatipeza. Anzanga ena amsinkhu wanga ankawaopa, koma ine ndinawakonda kuyambira tsiku loyamba. Munthu amene wakhala akutayipanso tsamba lonse chifukwa cha chilembo chimodzi cholakwika sangadane ndi makina amene amafufuta okha. Imelo itabwera ndinasangalala koposa. Kalata imene kale inkatenga masabata kuti ifike ku likulu ku Lilongwe inkafika tiyi asanazizire.

Ndinadzipangira kagwiridwe kanga, ndipo inunso mukhoza kutolapo. Maimelo sindinkawayang'ana tsiku lonse ngati nkhuku yoyang'anira mazira. Ndinkatsegula m'mawa, pobwera kunkhomaliro, ndi ndisanaweruke. Imelo ndikaiwerenga ndinkaiyankha pomwepo, kapena kuipereka kwa mwini nkhani, kapena kuiika mu foda yake: ya Jenala, ya Kaduya, ya Michesi, ya likulu. Sindinkaisiya kuti ndidzaionanso, chifukwa imelo yosiyidwa imakwiririka. Pa mzere wa mutu ndinkalemba nkhani yeniyeniyo, monga "Njinga ya ku Kaduya yathyoka foloko", osati "Moni" kapena "Zofunika msanga". Imelo imodzi, nkhani imodzi. Pa kalendala ya m'kompyuta dera lililonse ndinalipatsa mtundu wake, ndipo pakati pa misonkhano ndinkasiya mpata wa ulendo, poti makina sadziwa kuti msewu wa ku Jenala nthawi ya dzinja umakhala phala. Koma chachikulu chinali ichi: magetsi kwathu kuno amabwera ngati mlendo. Choncho Lachisanu lililonse ndinkakopera kalendala ya sabata yotsatira pa bolodi ya choko pakhomo la ofesi, n'kuimbira foni alangizi onse a kumidzi mmodzimmodzi. Msonkhano ukasintha ndinkaimbanso. Mabwana atatu anabwera n'kupita, palibe anadandaula.

Chaka chimene a Kachingwe anabwera

A Kachingwe anachokera ku likulu. Banja lawo analisiya ku Blantyre, ndiye Lachinayi masana ankanyamuka, n'kumabwera Lolemba dzuwa lili pamutu, nthawi zina Lachiwiri. Anali munthu waukhondo, womwetulira, ndipo chikhalirecho sindinawamve akukweza mawu. Ukali wawo wonse unkadzera pa imelo. Chitseko chawo ndi changa zinali zoyang'anana, koma akafuna fayilo ankandilembera imelo. Ukachedwa kuyankha ankalembanso, ulendo uno ataikapo ofesi yonse ndi a ku likulu kuti aone nawo. Munthu unkadzudzulidwa pamaso pa anthu amene sanakuonepo nkhope. Ana anga, chimenecho musadzachite. Imelo muziikapo okhawo amene nkhaniyo ikuwakhudza. Kuwonjezerapo mabwana kuti mnzanu achite manyazi ndi miseche basi, ngakhale mutailemba m'Chingerezi chabwino.

Mwezi wawo wachiwiri anaima pakhomo n'kuyang'ana bolodi yanga.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Ndi kalendala ya sabata ino, bwana. Magetsi akazima anthu amaonera pamenepa."

"Tikubwerera m'mbuyo. Kalendala ikhale imodzi, ya m'kompyuta. Aliyense aziona yekha, ndi udindo wake. Zoimbaimba mafonizi zithenso, sitili pa telefoni biyulo."

Bolodi inachotsedwa, mayunitsi oimbira alangizi anaimitsidwa. Ndinapitiriza kuimba ndi foni yanga pamene ndikanatha, koma vuto linali lakuti a Kachingwe ankasuntha misonkhano okha, pa foni yawo, ali kulikonse. Chala chimodzi, msonkhano wachoka Lachiwiri wapita Lachinayi. Kwa iwo msonkhano unali kabokosi ka mtundu. Sankaona anthu amene ali m'kabokosimo.

Amene ankavutika kwambiri anali a Mulipa, mlangizi wathu wa midzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi. Anali bambo wachikulire, wofatsa, Mlomwe mnzanga, amene alimi ankamukhulupirira chifukwa zimene ankaphunzitsa ankayamba wazichita m'munda mwake. Nyumba yawo inalibe magetsi. Foni ankatchajitsa kwa wometa tsitsi, ndipo netiweki ankaipeza atakwera pachulu kuseri kwa tchalitchi. Pa msonkhano wa antchito anayesa kufotokoza.

"Bwana, kwathu kuja imelo imafika ikafuna. Mukasintha tsiku, tangondiimbirani, kapena a mayiwa andiimbire."

A Kachingwe anamwetulira. "A Mulipa, dziko likuyenda. Munthu asamanyadire kutsalira."

Anyamata ena anaseka. A Mulipa anangoyang'ana pansi n'kumatembenuza chipewa m'manja. Ine mtima unandiwira, koma ndinali ndikulemba zokambirana, ndiye ndinalemba.

Lolemba la mbewu ya mbatata

Chaka chotsatira mvula inadula chimanga chitangomasula. Minda yambiri ku Michesi inapserera. Mvula itabwereranso, chiyembekezo chinali pa mbatata, ndipo bungwe linagula mbewu yoti ligawire makalabu a a Mulipa. Inu munakulira pa boma, ndiye ndikuuzeni: mbewu ya mbatata si njere zoti mungasunge m'thumba. Ndi mitsitsi yaiwisi yodula m'munda. Ikadulidwa imafuna kulowa m'dothi msanga, apo ayi imatentha yokha pamulu n'kuola. Lole inatsitsa mitolo ya mbewuyo Loweruka, n'kuitsekera m'nyumba yathu yosungira katundu, ya malata pamwamba ndi m'mbali momwe. Kugawa kunali Lolemba m'mawa. Zinali pa kalendala, a Mulipa anali atauza makalabu onse, ndipo inenso ndinawaimbira Lachisanu kutsimikiza.

Lolemba ndinafika n'kupeza bwalo la ofesi ladzaza. Amayi ambiri, ena ndi ana kumsana, abambo ndi njinga zomangirira malamba a labala, onse atsika kuchokera kuphiri ndi matope mpaka m'mawondo. Magetsi kunalibe chizimire Loweruka. Mlonda atadzutsa jenereta ndinayatsa kompyuta, ndipo pa Lolemba panali poyera. Kabokosi kanali katapita Lachisanu. A Kachingwe anakasuntha Lamulungu ali ku Blantyre, n'kulembapo mzere umodzi wakuti alendo a ku likulu akufuna kudzaonerera ndi kujambula, ndipo mpata ali nawo Lachisanu.

Ndinawaimbira pomwepo.

"Bwana, anthu afika. Ali panja pano."

"Afika bwanji? Kalendala simunaione?"

"Ndaiona pompano. Kuno magetsi kunalibe. A Mulipa sanalandire kalikonse."

"Limenelo ndi vuto la a Mulipa. Uthenga unapita kwa aliyense."

"Bwana, mbewuyo siingafike Lachisanu m'malata muja. Tiloleni tigawe lero, alendowo adzajambule m'minda anthu atabzala."

"Mayi Nampinga, inu ndinu mlembi. Za ulimi zisiyireni eni ake. Palibe chotuluka mpaka Lachisanu."

Anadula. A Mulipa anaimbanso ndi foni yanga, sanayankhidwe. Tinapita kwa wosunga makiyi a nyumba ya katundu, bambo wa ana ambiri amene anali atalandira kale kalata ya chenjezo. Anationetsa uthenga pa foni yake umene unali utangolowa kumene, wakuti akatsegula ntchito yatha. Tinamuchonderera kuti angotsegula chitseko mphepo ilowe, tiyale mitoloyo pamthunzi ndi kuiwaza madzi. Anagwetsa misozi, koma sanatsegule. Sindimuimba mlandu.

Ndiye panafunika wina aime pakhonde auze anthuwo. A Mulipa anayamba, mawu anawathera panjira, ndinamaliza ndine. Kenako anaimirira mayi Nikolowa, wapampando wa kalabu ina, mayi wamasiye wamtali amene ndinkapemphera naye pa misonkhano ya chigawo. Sanakalipe. Anandifunsa m'Chilomwe, pang'onopang'ono, kuti onse amve.

"Achemwali, mizere tapanga kale. Dothi lanyowa lero. Amene wasintha tsikuyo ali kuti, atiuze yekha?"

"Ali ku Blantyre, mayi."

"Nanga watiuzira kuti?"

"Pa kompyuta."

"Kompyutayo ili ndi munda?"

Mayi Nikolowa ananyamula dengu lawo lopanda kanthu n'kulisenza, ena onse n'kutsatira. Ndinawayang'ana akutuluka pageti, njinga zikukankhidwa zopanda katundu.

Lachisanu atatsegula chitseko, fungo linatibweza. Mkati mwa mulu munali motentha ngati mwasonkhedwa moto, mitsitsi yasanduka yakuda, yoterera. A Kachingwe, amene Lachisanu limenelo analipo chifukwa cha alendo, analamula kuti asankhe ya pamwamba imene inkaonekako, aiwaze madzi. Alimi anabwera ochepa. Alendo anafika ndi galimoto ziwiri, anajambula amayi atanyamula timitolo, anamwa zoziziritsa kukhosi, n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Zotsalazo tinakataya kudzala.

Imelo imene ndinayankha onse

Patapita masabata angapo a ku likulu anafunsa chifukwa chake minda ya mbatata inali yochepa chotero. Yankho la a Kachingwe ndinalipeza m'mawa ndikutsegula maimelo, poti anaikapo ofesi yonse monga mwa chizolowezi chawo. Analemba kuti mlangizi wa ku Michesi sanayang'ane kalendala, anabweretsa alimi tsiku lolakwika, alimiwo anakhumudwa n'kukana kubweranso, ndipo iwo akupempha kuti kontrakiti ya mlangiziyo isawonjezeredwe. Za mbewu yoola m'malata sanatchule. Panalibe chobisika apa. Aliyense mu ofesi muja anaona zimene zinachitika, fungo lija tonse tinalimva. Ndinadzuka n'kuyenda m'zipinda. Aliyense maso anali pa kompyuta yake, ngati pali chosangalatsa kwambiri.

Pa imelo pali mabatani awiri, lina loyankha wolemba yekha, lina loyankha onse. Zaka zonse ndinkaphunzitsa atsopano kuti lachiwirilo alipewe, chifukwa ndi limene limadzaza mabokosi a anthu ndi "zikomo" ndi "ndamva" zopanda ntchito. Ndinatuluka panja n'kuimbira bambo anu. Nthawi imeneyo n'kuti kwanditsalira zaka ziwiri kuti ndipume, iwe Yamikani uli ku koleji.

"Bambo a Madalo, ndikufuna kuchita chinthu chimene chingandichotsetse ntchito."

Ndinawafotokozera. Iwo anati, "Zimene mukufuna kulembazo munaziona ndi maso anu?"

"Ndinaziona."

"Ndiye lembani zokhazo. Musatukwane. Nandolo tili naye m'munda, sitifa."

Ndinabwerera pampando. Ndinalemba mwachidule, mwaulemu, monga ndinkalembera makalata onse: kuti tsiku logawa linali Lolemba, linasunthidwa Lamulungu popanda kuimbira aliyense, kuno kunalibe magetsi, alimi anafika pa tsiku limene anauzidwa, tinapempha chilolezo chogawa tinakanizidwa, ndipo mbewu inaolera m'nyumba ya katundu podikira alendo. Ndinawerenga kawiri, ndinakonza chilembo chimodzi, ndinadina batani loyankha onse.

Chitseko cha a Kachingwe chinatseguka. Aka kanali koyamba kuti abwere okha patebulo langa.

"Mayi Nampinga, mwina mwalakwitsa batani."

"Ayi bwana. Mabataniwo ndimawadziwa."

Anandiyang'ana, kumwetulira kuja kuli pomwepo, n'kubwerera.

Mukuganiza kuti a ku likulu anachitapo kanthu? Yankho lawo linali mizere iwiri, yakuti nkhani zotere zizidzera m'njira zoyenera, ndipo antchito apewe kuyankha onse. Basi. Palibe anabwera kudzafunsa. Palibe anaimbira a Mulipa kapena mayi Nikolowa. Kontrakiti ya a Mulipa itatha sanaiwonjezere, ndipo nkhaniyo anailandira pa imelo, ataima pachulu paja. Amayi a ku Michesi ena anakapempha mbewu kwa abale awo kutsidya ku Mozambique, ena chaka chimenecho anakhalira maganyu ndi makaka ogula, chinangwa chouma chija. A Mulipa pano amalima nandolo ndi mpendadzuwa kwawo, ndipo alimi amapitabe kukawafunsa nzeru, ulere.

Ku Kaduya, zaka ziwiri zomaliza

Sanandichotse ntchito. Anachita mwaukhondo, monga mwa khalidwe lawo. Lolemba lina ndinalemba pasiwedi yanga, kompyuta inakana. Mnyamata wa makompyuta anabwera akuyang'ana kumbali n'kunena kuti walamulidwa kutseka. Masana omwewo ndinalandira kalata yondisamutsira ku Kaduya, ku kanyumba kosungira makasu ndi mapampu opopera mbewu, kumene kunalibe kompyuta, kapena ntchito yoti mlembi n'kugwira. Munali kundifunsa chifukwa chake ndinkakwera kabaza m'mawa uliwonse pa msinkhu umene uja, ine n'kumati ndi ntchito. Chifukwa chake n'chimenechi. Ndinapirira kuti ndimalize zaka zanga, ndipo ndinamaliza.

Zimene ndikufuna musunge n'zochepa. Msonkhano sunapanganidwe mpaka munthu winayo atamva ndi kuvomera. Mukausuntha, nyamulani foni, makamaka ngati winayo akubwera wapansi. Musanasunthe kabokosi dzifunseni kuti ndani wadzuka kale chifukwa cha kabokosiko. Ndipo batani loyankha onse muzilisunga, musalithere pa zopanda pake, chifukwa tsiku lina mudzalifuna.

Sabata yanga yomaliza inakwana mwakachetechete. Lachisanu ndinatseka kanyumba kaja, ndinapereka makiyi kwa mlonda, ndinakwera kabaza kubwera kunyumba. Loweruka m'mawa ndikuchapa ndinaona galimoto ya ofesi itaima pamsewu. Anatsika dalaivala wathu wakale, atanyamula kaphukusi kokutidwa ndi pepala lonyezimira. Anakana kukhala pampando.

"Mayi, andituma ndikupatseni mphatso yanu. Dzulo kunali phwando lokutsanzikani ku ofesi."

"Phwando la ndani?"

"Lanu, mayi. Kunali mpunga, nkhuku, zakumwa. Bwana anayankhula bwino kwambiri za inu."

"Nanga ine bwanji sindinauzidwe?"

Anakanda kumutu. "Akuti anaika pa kalendala. Uthenga unapita ku imelo yanu."

"Imelo imene anaitseka okha ija?"

Ndinapukuta manja pachitenje n'kumufunsa ngati panali ngakhale mmodzi amene anadabwa kuti mwini phwando sakuoneka, poti nambala yanga ya foni onse anali nayo.

"Anafunsa ndithu, mayi. Bwana anati mwina simunaone kalendala."

Ndinamuuza kuti kaphukusiko abwerere nako, akawauze bwanawo kuti akatumize pa imelo. Iye anaseka mwamantha, poganiza kuti ndikucheza. Ataona nkhope yanga anasiya kuseka, anakanyamula n'kubwerera kugalimoto, ine ndinapitiriza kuchapa.